Chimene chinagwetsa Libby, Rove n'kupulumuka

Amayi ndi abambo, takhalani kaye pansi, chakudya sichithawa. Nonse mwamva za m'bale wathu uja amene a FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America, anamugogodera pakhomo pa nkhani ya zikalata za kuntchito zimene zinatuluka kunja. Dzina sinditchula. Iye sanatulutse kanthu, koma ndi mantha anati, "Munthu ameneyo sindimudziwa," chonsecho nambala yake ili mufoni. Lero chimene chikumusowetsa tulo loya wake ndi mawu amenewo. Kuno ku America kunamiza wofufuza wa boma ndi mlandu pawokha, ndipo munthu amatha kulowa nawo m'ndende mpaka zaka zisanu. Musaname kwa wofufuza.

Ndikukumbutseni nkhani ya ku Washington. Mu 2002 bungwe la akazitape la CIA linatuma Joseph Wilson, kazembe wakale wa America, ku Niger kukafufuza ngati dziko la Iraq linkafunadi kugula uranium, mwala wopangira mabomba a nyukiliya, kumeneko. Pa 6 July 2003 Wilson analemba mu New York Times kuti boma la George W. Bush linakokomeza nkhaniyo pofuna kupeza chifukwa chothira nkhondo ku Iraq. Pa 14 July mtolankhani Robert Novak anaulula kuti mkazi wa Wilson, Valerie Plame, ndi wa CIA. Ntchito yachinsinsi ya mayi uja inathera pomwepo.

Loya wa boma Patrick Fitzgerald anapatsidwa ntchito yofufuza mu December 2003. Tsono tamvani chodabwitsa: palibe ngakhale mmodzi amene anazengedwa mlandu woulula dzinalo. Lamulo la 1982 loteteza mayina a akazitape limafuna umboni woti woululayo ankadziwa kuti munthuyo ndi kazitape wobisika, ndipo umboni wotere ndi wovuta kuupeza. Amene anayamba kuuza Novak anali Richard Armitage, wachiwiri kwa nduna yoona za kunja, ndipo iye anavomera kwa ofufuza kumayambiriro komwe. Sanamukhudze. Amene anagwa ndi Scooter Libby, mkulu wa ofesi ya Dick Cheney, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti. Iye anati nkhani ya Plame anaimva kwa mtolankhani Tim Russert. Russert anakana, ndipo zolemba za Libby mwini zinasonyeza kuti anali ataimva kale kwa Cheney. Mu March 2007 khoti linamupeza wolakwa pa kunama ndi kusokoneza kafukufuku. Mwamva? Bodza.

Nanga Karl Rove, mlangizi wamkulu wa Bush? Iye analankhula za Plame ndi Novak, analankhulanso ndi Matthew Cooper wa magazini ya Time. Poyamba za Cooper sanazitchule. Kenako loya wake, Robert Luskin, anapeza imelo yosonyeza kuti awiriwo analankhulanadi, anaipereka, Rove anabwerera n'kukonza umboni wake, nati anaiwala. Anakaonekera kasanu pamaso pa grand jury, gulu la anthu wamba limene limamva umboni n'kuona ngati munthu azengedwe mlandu. Mu June 2006 anauzidwa kuti sazengedwa mlandu.

(Bambo wina kumbuyo: "Aaa, amenewo ndi mabwana! Akanakhala ine akanandimanga tsiku lomwelo.")

Achimwene, simuli nokha, anthu akutsutsanabe pa zimenezo mpaka lero. Fitzgerald sanatulutse lipoti lofotokoza chifukwa chake, ndipo zokambidwa mu grand jury ndi zachinsinsi. Okayikira amati Rove anakumbukira mochedwa kwambiri, mtolankhani wina wa Time, Viveca Novak, atanong'oneza loya wa Rove kuti kuntchito kwawo ankati Rove ndiye anauza Cooper. Amati kukumbukira kotere n'kwa munthu amene waona kuti zinthu zathina. Ineyo sindingawatsutse kwenikweni. Koma kukayika ndi kwina, kukhutiritsa anthu 12 a jury, ogamula mlandu m'khoti, kuti munthu ananama mwadala ndi kwinanso. Amene wabweretsa yekha umboni womutsutsa amavuta kumugwira bodza. Ndipo Libby sanali munthu wamba, naye anali bwana. Pamene ubwana unaonekera poyera ndi pambuyo pake: anamulamula kukhala m'ndende miyezi 30 ndi kulipira $250,000, Bush n'kumuchotsera ndendeyo mu July 2007, Donald Trump n'kumukhululukira mu 2018. Inuyo achimwene, pulezidenti wokuchitirani zimenezo muli naye? Ndiye musaname.

Enanu, makamaka a pagulu lathu la WhatsApp, mumatumiza chilichonse mwamva kuntchito, mawa n'kumati simunalembe. Foni siiwala.

Ndikuona ana ayamba kuvuta, ndifulumire. Ofufuza akabwera, funsani mayina awo ndi chimene akufuna. Muli ndi ufulu wokhala chete, nenani mwaulemu kuti mukufuna kuonana kaye ndi loya. Chimene mwaiwala nenani kuti mwaiwala, osapeka. Mukakumbukira pambuyo pake, uzani loya msanga mukakonze. Osafufuta mauthenga kapena maimelo, umenewo ndi mlandu wina. Osasaina pepala limene simunalimvetse. Amene mukufuna manambala a maloya othandiza mwaulere muonane ndi alembi tikamadya.