Timadontho toyera pa nsomba za m'thanki: chifukwa chake matendawa amabwerera

[Kamera pafupi ndi galasi: mbuna ikudzikhula pamwala]

Taonani mbuna iyi, kansomba ka m'miyala ya m'nyanja ya Malawi. Ikudzikhula pamwala, zipsepse yazipinda, ndipo pakhungu pake pali timadontho toyera ngati wina waiwaza mchere. Pa mabotolo a mankhwala matendawa amawalemba kuti white spot kapena ich, ndipo kachilombo kake ndi Ichthyophthirius multifiliis. Kuno ku Salima amavuta kwambiri mu June ndi July, mwera ukamawomba, madzi a m'thanki akamazizira usiku n'kutenthanso masana. Nsomba ikafooka ndi kusinthasintha kumeneku, kachilomboka kamapeza polowera.

Musanathire chilichonse, yang'anitsitsani. Mbuna yaimuna imakhala ndi timawanga tachikasu, tozungulira bwino, pachipsepse cha pansi chakumchira. Amenewo si matenda, ndi chilengedwe chake. Timadontho ta matenda n'toyera, totukuka pang'ono, tomwazikana paliponse, ndipo mawa lake mumapeza tachuluka. Nthawi zina simuona kadontho n'kamodzi komwe, koma nsomba ikupuma mwawefuwefu pamwamba pa madzi. Pamenepo tizilombo tayambira m'ziwalo zopumira, ndipo m'pamene timapha msanga.

[Chojambula: nsomba, mchenga wa pansi, timivi tozungulira]

Apa mumvetsere bwino, chifukwa ambiri amagwa pomwepa. Kadontho mukukaonako ndi kachilombo kamene kabisala mkati mwa khungu, kakudya. Kali m'menemo mankhwala sakafika. Kakakhuta kamachoka pa nsomba, n'kugwera pamchenga kapena pamwala, n'kudzikuta ndi kachikopa. Umonso mankhwala salowa bwino. M'kachikopamo kamagawikana kukhala tiana mazanamazana, kenako kamaphulika, tianato n'kuyamba kusambira kufunafuna nsomba. Tikapanda kuipeza pa tsiku limodzi kapena awiri timafa tokha. Nthawi yosambirayi ndi yokhayo imene mchere kapena mankhwala angatiphe.

Choncho timadontho tikazimiririka pa tsiku lachitatu, musati nsomba yachira. Tizilombo tangotsikira pansi kukaswana. Mukasiya chithandizo pamenepo, sabata isanathe timabwerera tochuluka kuposa poyamba. N'chifukwa chakenso kuchotsa nsomba imodzi yodwalayo sikuthetsa vuto: thanki yonse ndi yodwala.

[Dzanja likusintha hita, themomita ikuoneka]

Yambani ndi kutentha. Madzi akakhala pa madigiri 25 kapena 26, kachilomboka kamamaliza ulendo wake wonse pasanathe sabata. Akazizira kamatenga masabata. Kwezani hita pang'onopang'ono, digiri imodzi pa maola 6 aliwonse, mpaka 29 kapena 30, kuti tizilombo tituluke msanga pobisalapo. Koma madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, pamene nsomba yodwalayo ikuvutika kale kupuma. Tsegulani pampu ya mpweya usana ndi usiku. Magetsi akazima, pampu ya mabatire imapulumutsa. Ngati mulibe, tungani madzi a m'thanki momwemo ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Mu October, dzuwa la kunyanja kuno likafika poswa mtengo, madzi amakhala atafika kale pa 29. Hita isiyeni.

[Sikelo ya kukhitchini, mchere, ndowa]

Tsopano mchere. Mbuna ndi utaka zimaupirira bwino, ndipo ndi umene tingalangize poyamba chifukwa umapezeka pamsika uliwonse. Muyeso wake ndi magalamu 3 pa lita imodzi. Musayerekeze ndi maso kukula kwa thanki. Yezani ndi tepi: mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, kuchulukitsanso ndi msinkhu wa madzi, zonse m'masentimita, kenako gawani ndi 1,000. Thanki ya 100 ndi 40 ndi 40 ndi malita 160. Chotserani miyala ndi mchenga, titi atsala malita 140. Mchere wake ndi magalamu 420.

Musauthire wonse nthawi imodzi. Ugaweni patatu, magalamu 140 pa maola 12 aliwonse. Sungunulani kaye m'ndowa ya madzi otunga m'thankimo, mutakase mpaka pansi pasatsale mibulu, ndiye muzithira pang'onopang'ono pafupi ndi fyuluta. Ayodini wa mumchere wa m'sitolo ndi wochepa kwambiri, asakudetseni nkhawa. Wopewa ndi mchere wosakaniza ndi zokometsera ndiwo. Zomera za m'madzi zambiri sizigwirizana ndi mchere wochuluka chonchi, zichotseni kaye.

Pa masiku awiri aliwonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, paipi muiyendetse mumchenga kuti iyamwe tizikopa ta tizilombo tija. Apa pali masamu amene amasokoneza anthu. Mchere suuluka ndi nthunzi. Mukachotsa malita 35, bwezerani malita 35 okhala ndi magalamu 105 okha. Koma ngati madzi angotsika okha ndi kutentha, onjezerani opanda mchere, apo ayi muzingoukundika mpaka nsomba zitayamba kuvutika. Madzi a pampopi agone kaye m'ndowa tsiku lathunthu kapena muthire mankhwala ochotsa klorini, ndipo akhale ofunda mofanana ndi a m'thanki.

Pitirizani chonchi masiku 10 mpaka 14, ndipo musasiye pasanapite masiku 4 chionekereni kadontho komaliza. Chakudya chepetsani. Mukamaliza, mcherewo uzichoka wokha posintha madzi, hita muzitsitsa digiri imodzi patsiku.

[Botolo la mankhwala obiriwira]

Ngati padutsa masiku 5 timadontho tikungochuluka, kapena nsomba zayamba kufa, pitani ku mankhwala okhala ndi malachite green ndi formalin. Tsatirani muyeso wa pabotolo, chifukwa mphamvu zake zimasiyana kampani ndi kampani. Chotsani kaye makala a mufyuluta, chifukwa amayamwa mankhwala onse inu n'kumadabwa kuti sakugwira ntchito. Formalin amachepetsanso mpweya m'madzi, ndiye kutentha kutsitseni kufika pa 27. Nsomba zopanda mamba monga nkholokolo ndi tiana ta kampango zipatseni theka la muyeso. Mankhwala ena otchedwa methylene blue ndi a m'kathanki kapadera, chifukwa amapha mabakiteriya abwino a mufyuluta, madzi n'kuipa. Ndipo malachite green asayandikire dziwe la chambo chodya. Ndi mankhwala oletsedwa pa nsomba zodya m'mayiko ambiri chifukwa amatsalira m'mnofu.

Madzi otayawo athireni pa dothi louma kutali ndi chitsime, osati m'ngalande yopita kunyanja kapena mumtsinje wa Linthipe. Nsomba yakufa ikwirireni. Kaukonde, paipi ndi ndowa zikhale za thanki yodwalayo yokha, ndipo mukamaliza muziyanike padzuwa ziume gwa. Nsomba yatsopano, kaya mwagula ku Senga Bay kaya wakupatsani mnzanu wa ku Lilongwe, ikhale payokha masabata 3 mpaka 4 musanaiphatikize ndi zinzake, ndipo madzi a m'pulasitiki imene yabweramo asalowe m'thanki yanu.