Uthenga wa mawu kwa azakhali: kuika WeChat pa laputopu ya Ubuntu

Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva. Laputopuyo musaipereke kuti akaifufute n'kuikamo Windows chifukwa cha WeChat yokha ayi, WeChat imayenda pa Ubuntu masiku ano. Ndilankhula pang'onopang'ono, inu muzindiimitsa, muchite zomwe ndanenazo, kenako mupitirize kumvetsera.

Amene anakuuzani kuti sizitheka sananame kwenikweni, kungoti akunena zakale. Kwa zaka zambiri Tencent, kampani ya ku Shenzhen yomwe ndi mwini wake wa WeChat ndi QQ, mapulogalamu onse awiri otumizirana mauthenga, inalibe WeChat ya Linux yoti aliyense angoitenga, pajatu Ubuntu yanuyo ndi mtundu umodzi wa Linux. Anthu ankatenga ya Windows n'kuikakamiza kuyenda kudzera pa pulogalamu yotchedwa Wine, ndipo inkavuta kwabasi. Kumapeto kwa 2024 ndi pamene eni akewo anatulutsa yawoyawo ya Linux. Ndiye mukaona malangizo pa intaneti otchula Wine kapena deepin-wine, adumpheni, ndi a nthawi ya mavuto ija.

Tsopano tiyambe. Tsegulani Firefox, pamwamba polemba adiresi paja lembani linux, dontho, weixin, dontho, qq, dontho, com. Weixin yo imalembedwa w, e, i, x, i, n, ndi dzina la WeChat kwawo ku China. Musaitenge pena paliponse, olo munthu atakutumizirani fayilo ati ndi yomweyo. Tsambalo likhoza kutuluka m'Chitchaina, musadandaule, mawu omwe tikufuna ali m'zilembo zathu zomwezi. Muona x86, Arm ndi LoongArch. Yanu ndi x86, chifukwa laputopu yanu ili ndi kachomata ka Intel kaja pafupi ndi mabatani. Pansi pa x86 pali mitundu itatu, deb, rpm ndi AppImage. Sankhani deb. Rpm ndi ya anthu a Fedora, mtundu wina wa Linux, siikukukhudzani. Fayiloyi ndi yaikulu, imapitirira mamegabaiti 100, ndiye onetsetsani kuti bandulo ilipo yokwanira ndipo laputopu ili ndi moto, magetsi angakuthimireni pakati.

Ikatha kutsika, dinani mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Alt ndi T. Patuluka kawindo kakuda, ndiye terminal imeneyo. Musaiope. Lembani cd, siyani mpata, kenako Downloads, D yoyambayo ikhale yaikulu, dinani Enter. Tsopano mzere wofunika uja: sudo, mpata, apt, mpata, install, mpata, dontho, kamzere kopendekera kaja ka /, kenako lembani WeChat, W ndi C zazikulu, n'kudina batani la Tab. Kompyuta imaliza yokha dzina la fayilo. Dontho ndi kamzere kopendekerako musaziiwale, popeza ndi zomwe zimauza kompyuta kuti fayilo ili pomwepa, isakaisake kwina. Dinani Enter. Ikufunsani pasiwedi yomwe mumalowera pa laputopu. Apa ndi pomwe anthu ambiri amaganiza kuti mabatani afa, chifukwa mukamalemba sipaoneka kanthu, ngakhale tinyenyezi. Ndi mmene inapangidwira, lembani basi n'kudina Enter. Ikafunsa ngati ipitirize, lembani y.

Ikamaliza, WeChat muipeza pakati pa mapulogalamu enawo. Mukaitsegula siifunsa dzina kapena pasiwedi, imangoonetsa chizindikiro cha QR. Tengani foni, tsegulani WeChat ya m'foni, dinani kamtanda kali kumwamba kudzanja lamanja, sankhani Scan, lozetsani kamera pa chizindikirocho, kenako vomerezani pa foni pomwepo. Ndiye kuti foni ndiyo kiyi. Akaunti imatsegulidwa pa foni, ndipo foni ikasowa kulowa pa laputopu kumavuta, choncho muisamale pamodzi ndi nambala yomwe munalembetsera.

Musadabwe mukaona kuti macheza anu akale ndi ogulitsa a ku Guangzhou aja sanabwere onse. WeChat imasunga mauthenga m'chipangizo chomwe chinawalandira, ndiye zakalezo zili m'foni. Mukafuna invoisi yakale pa laputopu, sakani macheza otchedwa File Transfer, ali ngati kudzitumizira nokha. Mukaponyamo chithunzi pa foni chimatulukira pa laputopu. Komanso fayilo iliyonse yomwe akutumizirani, kaya ndi mndandanda wa mitengo kaya risiti ya katundu, itsitseni tsiku lomwelo n'kuisunga mufoda yanu. Mukaisiya masiku angapo osaitsegula imatha ntchito, n'kuyamba kupemphanso munthu yemwe mwina wagona kale, pajatu iwo ali patsogolo pathu ndi maola 6.

Ngati mauthenga a Chitchaina akuoneka timabokosi topanda kanthu, ndiye kuti zilembo zake mulibe. Bwererani ku terminal, lembani sudo apt install fonts-noto-cjk, pakati pa mawu atatu omalizawo pali timizere togona, kenako tsekani WeChat n'kuitsegulanso. Zolemba Chitchaina inuyo tizisiye kaye, poti mumalemberana nawo Chingerezi.

Mukakumana ndi wogulitsa wokonda QQ, njira ndi yomweyi. QQ ndi yakale kuposa WeChat, inayamba mu 1999 pomwe WeChat inabwera mu 2011, ndipo ya Linux yatsopano ilipo kuyambira December 2022. Imapezeka pa im.qq.com, mutenge deb, mzere wa sudo apt install ndi womwe uja, dzina la fayilo lokha ndi lomwe lisinthe.

Chinanso, azakhali, ndipo apa mundimvetse. Kuika WeChat pa Linux sikuisandutsa yachinsinsi. Ubuntu ndi yotseguka, aliyense akhoza kuona mmene inalembedwera, koma WeChat si choncho, ndipo mauthenga ake satsekedwa kuyambira kwa inu mpaka kwa wolandira monga amachitira a WhatsApp. Za malonda lembani momasuka, koma pasiwedi ya kubanki kapena manambala a khadi musatumize. Ndipo tsiku lina mukadzalandira uthenga woti tasintha akaunti, tumizani ndalama ku yatsopanoyi, musathamange. Imbani kaye pa vidiyo, muone nkhope ya munthu yemwe mumagula kwa iyeyo, akuuzeni ndi pakamwa pake.

Pakatuluka mawu ofiira kapena mzere woyamba ndi E wamkulu pa terminal, musatseke. Jambulani ndi foni kuti mizere yonse ioneke, munditumizire, ndiona pomwe pakodwa. Moni kwa onse kumeneko.