Akakuuzani kuti ntchito yatha, musathamangire kusaina

Moni nonse a pagulupu pano, ndati ndingojambula mawu chifukwa kulemba zonsezi pafoni zala zingatope, ndiye amene muli pa shifiti mudzamvera mukaweruka. Masiku ano mafoni akundipeza kwambiri, ena aku malo ogona alendo ku Senga Bay uko, ena alonda a mashopu a pa Kamuzu Road, ena mpaka ku Dwangwa, ndipo funso lake ndi lomwelomwelo, akuti abwana andiuza kuti mawa usabwerenso, ndiye nditani? Chimene chimandipweteka mtima n'choti ambiri amandiimbira atasaina kale mapepala, kapena patadutsa miyezi inayi ali phee kunyumba kudikira kuti mwina abwana aganiza bwino andiitananso. Ndiye tamverani bwino abale anga, ndipo mutumizireko anzanu omwe sali pagulupu.

Tiyambire pa tsiku lenilenilo. Akuitanani mu ofesi, pa tebulo pali kale pepala ndi bolopeni, kenako akuti achimwene tangosainani apa kuti tikupatseni kanu muzipita, kapena akuti lembani nokha kalata yosiya ntchito kuti mbiri yanu isaipe mukamafuna ntchito kwina. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Mukalemba ndi dzanja lanu kuti ndasiya ntchito mwakufuna kwanga, mawa mukapita ku leba, ku ofesi ya boma yoona za ntchito ija, abwana angotulutsa kalata ija nkunena kuti onani, munthuyu sitinamuchotse, anachoka yekha, ndiye kuti mutsimikize kuti anachita kukukakamizani ndi ntchito yaikulu zedi. Lamulo limadziwa ndithu kuti pali kusiya ntchito kochita kukakamizidwa, monga abwana akamakuzunzani mpaka munthu sungapitirize, ndipo limakutenga ngati kuchotsedwa komwe, koma umboni wake uyenera kuchokera kwa inu. Ndiye pepala lililonse liwerengeni kaye mwachifatse, ngati lili m'Chingerezi ndipo simukulimva nenani mwaulemu kuti bwana ndilitenge ndikawerenge kunyumba, akakana lijambuleni pafoni. Makamaka chenjerani ndi lija lonena kuti ndalandira zanga zonse ndipo sindidzadandaulanso kwina kulikonse. Osakwiya, osatukwana, osamenya tebulo, chifukwa chimenecho ndi chomwe ena amafuna kuti apeze chonamizira. Ingonenani mawu awiri basi, ndikupempha kalata yondichotsa ntchito ndipo mulembemo chifukwa chake.

Lamulo lomwe tikukambali ndi Employment Act ya 2000, ndipo limakhudza wina aliyense wolembedwa ntchito kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, kaya ndinu wetala, kaya mlonda, kaya mumagwira ntchito ya m'nyumba, kaya munangogwirizana pakamwa popanda kontirakiti yolemba, musamve zoti poti palibe pepala ndiye kuti mulibe ufulu. Gawo 57 limanena zinthu ziwiri. Choyamba payenera kukhala chifukwa chomveka, mwina khalidwe lanu, mwina ntchito ikukukanikani, mwina kampani ikuchepetsa anthu chifukwa zinthu sizikuyenda. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chomwe mabwana ambiri kuno amaphonya, ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, akuyenera kukupatsani mpata woti mudziteteze asanakuchotseni. Kumva mbali yanu. Ndi ija timati hiyaring'i ija. Munthu sangangouzidwa pa geti kuti mabotolo awiri asowa mu bala ndiye nyamuka, ayi, akuuzeni mlandu wake, akupatseni nthawi yokonzeka, muyankhe, ngati muli ndi mboni mubwere nayo. Ndipo nkhani ikafika ku khoti, gawo 61 limati amene ayenera kuonetsa chifukwa chokuchotsani ndi abwanawo, osati inu, akalephera ndiye kuti anakuchotsani mopanda chilungamo.

Mukaitanidwa ku hiyaring'i chonde pitani, musazembe ati poti aganiza kale zondichotsa. Mukapanda kupita iwo alemba kuti tinamuitana sanabwere, basi mwawapatsa mpata. Pemphani kuti mulowe ndi mnzanu wa pantchito kapena wa yuniyoni ngati ilipo, ndipo mukatuluka lembani m'kope tsiku, amene analipo, zomwe anafunsa ndi zomwe munayankha, mutu umaiwala koma kope siliiwala.

Pali zifukwa zina zomwe lamulo linakana kale kuti sizingakhale zochotsera munthu ntchito. Achemwali anga aku maloji, mimba si mlandu. Mayi ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cha masabata 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kumuchotsa chifukwa ndi woyembekezera ndi kuphwanya lamulo, ngakhale atanena kuti yunifolomu siyikukukwananso kapena alendo sakonda, zimenezo n'zabodza. Kudwala kapena kuvulala kwa kanthawi nakonso si chifukwa, munthu amene wagwira miyezi 12 ali ndi masabata 4 a tchuthi chodwala pa malipiro athunthu ndi masabata 8 pa theka la malipiro pa chaka, bola mukhale ndi kalata ya kuchipatala, ndiye mukapita ku chipatala cha boma pa Salima pano kapena ku Nkhotakota musabwerere chimanjamanja, pemphani kalata ndipo buku lanu la kuchipatala lisungeni bwino. Kulowa yuniyoni, chipembedzo chanu, mtundu wanu, chipani chomwe mumakonda, kukadandaula ku leba, zonsezi sangakuchotsereni ntchito.

Koma ndinenenso mbali inayi kuti tisanamizane. Gawo 59 limalola abwana kuchotsa munthu popanda notisi ngati wapalamula chachikulu, monga kuba, kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, kukana dala malangizo oyenera, kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza, kapena unanama kuti umadziwa ntchito pomwe sukuidziwa. Mlonda amene amapezeka ataledzera usiku ndi usiku, akamumvera mbali yake nkumuchotsa, leba sikamubwezera ntchito. Ndiye maliro akagwa kumudzi tumizani meseji kwa abwana musananyamuke, ndipo mesejiyo musaifufute. Komanso amene muli pa probeshoni, nthawi yoyesedwa ntchito ija, dziwani kuti nthawi imeneyo mgwirizano utha kutha popanda notisi, koma probeshoni siyipitirira miyezi 12, munthu sangakhale pa probeshoni zaka zitatu ayi.

Tsopano ndalama, pomwe ambiri mukudikira. Ngati mumalandira pamwezi, notisi yanu ndi ya mwezi umodzi ndipo ikhale yolemba, akafuna muchoke lero lomwe ndiye akulipireni mwezi umenewo m'malo mwa notisi. Olandira pasabata ndi sabata imodzi ngati simunakwane zaka ziwiri, ndipo imakwera zaka zikamachuluka mpaka mwezi wathunthu mukafika zaka zisanu. Kenako masiku omwe mwagwira mwezi umenewo, ovataimu yomwe sanakupatseni, ndi masiku a tchuthi omwe simunapite. Ogwira masiku 6 pasabata tchuthi chanu ndi masiku 18 pachaka, ogwira masiku 5 ndi masiku 15, ndiye ngati zaka zapitazi mumangouzidwa kuti alendo achuluka mudzapita mwezi wamawa, masiku amenewo awerengeni. Zonsezi lamulo limati zilipidwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha, osati zija zoti bwerani kumapeto kwa mwezi, mukapita akuti akauntanti ali ku Lilongwe, mukapitanso akuti bwana wamkulu sanasaine, inu kumangothera ndalama pa kabaza.

Sevaransi, ndalama yomwe abwana amakupatsani pokuchotsani potengera zaka zomwe mwagwira, ndiye imasokoneza anthu kwambiri chifukwa lamulo linasintha mu 2010. Panopa si aliyense wochoka pantchito amalandira. Imaperekedwa ngati akuchotsani chifukwa chochepetsa anthu, kampani ikuvutika pachuma kapena yasintha kayendetsedwe kake, komanso ngati anakuchotsani mopanda chilungamo. Mukasiya nokha palibe sevaransi, mwaona tsopano chifukwa chomwe amakunyengererani kuti mulembe kalata yosiya ija? Kawerengedwe kake n'kotere, tengani bolopeni. Muyenera kukhala mutakwanitsa chaka chimodzi. Zaka zisanu zoyambirira, chaka chilichonse chathunthu ndi malipiro a masabata awiri. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata atatu pachaka. Kuyambira chaka cha 11 kupita mtsogolo, masabata anayi pachaka. Ndiye tiyerekeze mwagwira zaka 7 pa loji, zisanu zoyamba zikupatsani masabata 10, ziwiri zotsalazo masabata 6, pamodzi masabata 16, amenewo ndi malipiro opitirira miyezi itatu ndi theka. Munthu wotereyu akamupatsa envulopu ya mwezi umodzi nkumuuza kuti zikomo mwatithandiza, amudyera masuku pamutu.

Penshoni ndi nkhani ina payokha, siyilowa mu sevaransi. Chiyambireni lamulo la penshoni la 2011, wantchito amadulidwa 5 peresenti ndipo abwana amaikapo 10 peresenti. Vuto lomwe lilipo n'loti ena amadula pa peyisilipi koma osatumiza ku kampani ya penshoni, ndiye musadikire kuchotsedwa, pano pomwe muli pantchito funsani kuti penshoni yathu ili ku kampani iti, nambala yanga ndi iti, ndipo pemphani sitetimenti muone ngati ndalama zikulowadi. Ndalama imeneyo ndi yanu ngakhale atakuchotsani chifukwa cha mlandu.

Anzathu a makontirakiti afupiafupi, mvetserani apa. Ngati munalembedwa ya sizoni, monga nthawi yodula nzimbe, sizoni ikatha kontirakiti yatha, pamenepo palibe kuchotsedwa. Koma pali ena amakusainitsani ya miyezi itatu, ikatha ina ya miyezi itatu, chaka ndi chaka, pomwe ntchito yake ndi ya masiku onse monga kuphika kapena kuyala mabedi. Lamulo limati ngati malo amenewo ndi a ntchito yokhazikika ya pakampanipo, kontirakiti yotereyo imatengedwa ngati yopanda malire. Ndiye makontirakiti onse aja asungeni, ngakhale akale othimbirira, ndi amene adzaonetse kuti mwakhalapo zaka zingati.

Tsopano ichi ndi chomwe ndajambulira mawuwa, ngati zina zonse muiwale koma ichi chokha musaiwale. Muli ndi miyezi itatu yokha kuchokera tsiku lomwe akuchotsani kuti mukadandaule kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lanu. Miyezi itatu imatha ngati masewera, mwezi woyamba mukudikira foni ya abwana, wachiwiri mwapita kumudzi kukathandiza kukolola mpunga, wachitatu mukusaka ya thiransipoti, mukamafika ku ofesi nthawi yadutsa. Pitani sabata yomweyo. Aku Senga Bay, Chipoka, Khombedza, Lifuwu, ofesi yanu ili pa boma pa Salima, aku Benga ndi mbali ya kumtunda uko fikani ku leba ya m'boma la Nkhotakota. Sipafunika loya kuti mukadandaule ku leba. Iwo amaitana abwana kuti mukambirane pamaso pawo, ndipo akalephera kuthetsa nkhaniyo pa mwezi umodzi imatha kupita ku khoti la nkhani za ntchito, Industrial Relations Court, kwa ife kuno lapafupi ndi la ku Lilongwe. Pemphani kalata yochokera ku leba yoonetsa kuti munafikako ndipo nkhani sinathe. Ngati mukufuna thandizo la loya koma ndalama palibe, kuli a Legal Aid Bureau, amenewo ntchito yawo ndi yomweyo.

Khoti likapeza kuti anakulakwirani limatha kulamula kuti mubwerere pantchito yanu, kapena akupatseni ntchito ina yofanana nayo, kapena chipukuta misozi. Chipukuta misozicho chili ndi poyambira pake, sichingatsike kuposa malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene sanapitirire zaka 5, masabata awiri pachaka kwa opitirira zaka 5 mpaka 10, masabata atatu kwa opitirira 10 mpaka 15, ndi mwezi wathunthu pachaka kwa opitirira zaka 15, ndipo khoti litha kupereka zoposa apo likaona mmene mwavutikira. Milandu imatenga nthawi, zimenezo ndisakubisireni, ndiye ntchito ina muzisakabe uku nkhani ikuyenda, ndipo makalata ofunsira ntchito muzisunga makope ake.

Popita ku leba nyamulani chilichonse choonetsa kuti mumagwira pamenepo. Kalata yokulembani ntchito, mapeyisilipi, makalata a woning'i ngati analipo, ID ya kuntchito, ngakhale chithunzi muli mu yunifolomu. Amene mumalandira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, mameseji aja ndi umboni wa malipiro anu, musafufute pofuna malo mufoni, ajambuleni mutumize kwa mlongo wanu kapena mnzanu wodalirika kuti foni ikagwera m'nyanja zisapite nazo. Ngati foni ndi ya kampani chitani zimenezi musanaibweze. Makiyi, tochi, yunifolomu, pobweza wolandirayo asaine kuti walandira, kuopa mawa kudzamva kuti munathawa ndi katundu.

Ndipo musachoke osapempha satifiketi yoonetsa kuti munagwirapo ntchito, gawo 31 limati mukapempha akupatseni, mulembedwe dzina la kampani, nthawi yomwe mwagwira, udindo wanu ndi malipiro anu. Chifukwa chochokera amalembamo pokhapokha inu mwafuna, ndiye asakuopsezeni kuti tikulembera zoipa. Amene mwachotsedwa mwezi uno kapena watha, ndilembereni ku inbox tsiku lenileni lomwe anakuuzani ndi zaka zomwe mwagwira, tiwerengere limodzi musanapite ku boma Lolemba.