Mawu a m'mawa: Manda a m'mbali mwa njira ya ku Betelehemu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Mateyu 2:16-18 ndi pa Yeremiya 31:15-17. Amene muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani muwerenge kaye musanapitirire.

Lero ndikufuna ndicheze ndi inu amene Disembala uno wakupezani muli ndi chisoni. Enanu musachoke ayi, khalani pomwepo mumvere nawo, pajatu maliro n'kulirana.

Mvula yagwa, chimanga chamera, kumudzi anthu ali kalikiliki ndi makasu. Mabasi ochokera ku Joni akufika atadzaza ndi katundu. Ana a Sande sukulu akuyeserera sewero la kubadwa kwa Yesu, akukanganirana kuti mngelo akhala ndani. Kuseri kwa khitchini tambala wamangidwa kale mwendo, akudikira tsiku lake. Koma m'makomo ena, pogawa chakudya chaka chino mbale imodzi itsala pathandala. Mwini wake anagona.

Mayi anga anatisiya m'mwezi wa Ogasiti. Pamaliro pawo ndinalimba ndithu. Ndinali pa yakaliyakali, uku za bokosi, uku za ufa ndi nkhuni, uku galimoto yonyamula anthu. Achibale ankati, "Koma ndinu olimba mtima." Inenso ndinakhulupirira zimenezo. Misozi inadzandipeza miyezi inayi itadutsa, tsiku la Khirisimasi, ndipo chinaiputa ndi mpunga. Mayi akamaphika mpunga ankapungula moto pansi pa poto n'kuika makala pamwamba pa chivundikiro kuti uume bwino. Tsiku limenelo achemwali anga anachita chimodzimodzi, osaganizira n'komwe, poti manja awo anaphunzira kwa mayiwo. Nditangoona makala aja pachivundikiro, mawondo anandilefuka. Ndinazemba n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Mlendo wina wachikulire anandipeza kumeneko. Anandigwira paphewa nati, "Aaa, musatero. Lero si tsiku lolira. Mayi anu ali kwabwino." Ananena ndi mtima wabwino, sindiwaimba mlandu. Koma mawu awo anandisenzetsa katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba. Ndinayamba kudziona ngati ndachimwira tsiku la Ambuye, ngati misozi yanga ikuthimitsa nyimbo za anzanga. Mwina inunso katundu ameneyu mukumudziwa.

Chinandimasula ndi Mateyu chaputala 2. Masewero athu a kutchalitchi amathera pamene anzeru a kum'mawa apereka golide, lubani ndi mure, kenako tonse timawomba m'manja n'kupita kukadya. Mateyu sanathere pamenepo. Akupitiriza kunena kuti Herode ataona kuti anzeru aja amupusitsa, anatuma anthu kukapha ana aamuna onse a zaka ziwiri kutsika m'munsi, ku Betelehemu ndi midzi yozungulira. Mudzi womwewo umene abusa anathamangirako usiku ndi uthenga wa angelo, unadzakhala mudzi wa maliro, nyumba iyi siwa, nyumba iyo siwa. Ndipo pofuna kufotokoza kulira kumeneko, Mateyu akutenga mawu a mneneri Yeremiya onena za liwu lomveka ku Rama, Rakele akulira ana ake, akukana kutonthozedwa chifukwa anawo palibe.

Akukana kutonthozedwa. Mawu amenewa ali m'nkhani ya Khirisimasi, abale anga, ndipo Mzimu Woyera sanachite nawo manyazi.

Tiyeni timukumbukire Rakele ameneyu. Ndi mkazi uja Yakobo anamugwirira ntchito zaka 14 kwa Labani, zisanu ndi ziwiri zoyamba n'kumuonekera ngati masiku ochepa chifukwa cha chikondi. Anakhala nthawi yaitali wopanda mwana pamene mkulu wake Leya ankangobereka. Kenako anabala Yosefe. Pathupi pachiwiri ndi pamene panamutenga. Genesis 35 akutiuza kuti anali paulendo wochokera ku Beteli, atatsala pang'ono kufika ku Efrata, komwe ndi ku Betelehemu, matenda anamuyamba panjira. Mzamba anamulimbitsa mtima kuti asaope, mwana ndi wamwamunanso. Koma moyo wake unali kutha. Ndi mpweya womaliza anatcha mwanayo Benoni, kutanthauza mwana wa chisoni changa. Bambo ake anamusintha dzina nakhala Benjamini. Rakele anaikidwa pomwepo m'mbali mwa njira, Yakobo naimika mwala pamanda pake, chiliza tingotero. Mpaka lero polowera mu Betelehemu kuchokera ku Yerusalemu pali malo amene anthu amawatcha manda a Rakele.

Ndiye onani. Mulungu posankha mudzi woti Mwana wake abadwiremo, anasankha mudzi umene m'njira yake muli manda a mayi womwalira pobereka. Inu amene munataya mkazi, mwana wamkazi kapena mchemwali m'chipinda chochilira, mwana n'kutsala m'manja mwa agogo ake, nkhani yanu inalembedwa kale m'njira ya ku Betelehemu.

Pali vesi lina limene limandigwira mtima nthawi zonse, Genesis 48:7. Yakobo ndi nkhalamba tsopano, ali ku Igupto, wadwala, maso achita khungu. Baibulo likuti anamwalira ali ndi zaka 147. Yosefe wabwera ndi ana ake awiri, Manase ndi Efereimu, kuti agogo awo awadalitse. Ali mkati molankhula za malonjezo a Mulungu ndi za cholowa, mkuluyu akupatuka mwadzidzidzi n'kuyamba kunena za Rakele, kuti anamufera panjira, kutatsala kamtunda pang'ono kuti afike ku Efrata, ndipo anamuika komweko. Panali patapita zaka makumi angapo. Benjamini amene anabadwa tsiku limenelo anali bambo wa ana ake. Komabe nkhalambayo itangokumana ndi Yosefe ndi zidzukulu za Rakele, bala linatseguka. Munthu amene analimbana ndi Mulungu ku Penieli usiku wonse ndi yemweyu, ndipo palibe pamene Baibulo likumudzudzula kuti chikhulupiriro chake chinali chochepa. Choncho wina akamakuuzani kuti "papitatu nthawi, iwalani", inu mukumbukire Yakobo pa bedi lake la imfa.

Tsono Yeremiya polemba za Rama ankaona chiyani? Rama unali mudzi wa kumpoto kwa Yerusalemu. Pa Yeremiya 40:1 timawerenga kuti Yerusalemu atagwa m'manja mwa Ababulo, akapolo anasonkhanitsidwa kumeneko, atamangidwa maunyolo, asanauyambe ulendo wa ku Babulo, ndipo Yeremiya mwiniyo anali pakati pawo. Mneneriyu akumva ngati Rakele, mayi wa fuko, wadzuka m'manda kulira zidzukulu zake zimene zikutengedwa.

Apa ndiyenera kunena chilungamo. Mu vesi 16 Mulungu akumuuzadi Rakele kuti aleke kulira, apukute misozi. Wina angati, "Nanga si zomwezo ananena mlendo uja kuseri kwa nyumba?" Ayi, zikusiyana. Choyamba, Mulungu anayamba wamva. Vesi 15 ndi Mulungu mwini akunena kuti liwu lamveka, kulira kowawa, ndipo akutchula dzina la wolirayo ndi chimene akulirira. Chachiwiri, ife tikamati "musalire" m'manja mwathu mulibe kanthu, ndipo nthawi zina timatero chifukwa kulira kwa mnzathu kukutisowetsa mtendere ifeyo. Mulungu akamati "leka kulira" amapitiriza ndi lonjezo limene ndi Iye yekha angalikwaniritse: ana ako adzabwerera kuchokera ku dziko la mdani, chiyembekezo cha m'tsogolo mwako chilipo. Paulo pa 1 Akorinto 15:26 akutchula imfa kuti ndi mdani wotsiriza amene adzathetsedwe. Imfa si bwenzi, si mlendo woti tizimuyalira mphasa. Ndi mdani amene wagwira athu ukapolo, ndipo Mwana wobadwa ku Betelehemu anabwera kudzawatenga m'dziko la mdaniyo.

Funso limene amayi a ku Betelehemu akanafunsa ndi lomwe ena mwa inu mwafunsa chaka chino. Bwanji mngelo anachenjeza Yosefe, mwamuna wa Mariya, m'maloto kuti athawire ku Igupto, koma abambo a ana enawo anagona osalota kanthu? Bwanji wa pabedi loyandikana anachira, wanga n'kupita? Mateyu sakuyankha funsoli, ndipo ine ndimaopa mlaliki amene amaliyankha mofulumira. Chimene Uthenga Wabwino ukutionetsa n'chakuti mwana amene anapulumuka kwa Herode sanapulumuke kwa Pilato. Ali ndi masiku 40 okha, makolo ake atapita naye ku Kachisi ndi nsembe ya amphawi ya njiwa ziwiri, Simeoni anauza Mariya kuti lupanga lidzabaya moyo wake. Patapita zaka zopitirira 30, Mariya anaima pansi pa mtanda, nayenso nakhala Rakele. Mulungu wathu amadziwa kuika mwana m'manda. Ndipo Yesu yemweyo, ataima pamanda a Lazaro ku Betaniya, akudziwa bwino lomwe kuti posachedwa amuukitsa, analira. Ngati Iye amene anali ndi kiyi wa manda m'manja analira, inu ndi ine tingadzikanize bwanji?

Makolo a mpingo anaziona zimenezi kalekale. M'kalendala ya Akatolika ndi Aangilikani, Khirisimasi ikangodutsa, pa 26 Disembala amakumbukira Stefano amene anaponyedwa miyala, ndipo pa 28 Disembala amakumbukira ana aja a ku Betelehemu. Chikondwerero ndi maliro anaziika m'sabata imodzi, ngati mmene zimakhalira m'makomo mwathu.

Ndikukumbukiranso inu amene muli kutali. Kwathu kuno Disembala ndi dzinja lobiriwira, koma ku London dzuwa likulowa isanakwane 4 koloko madzulo, kunja kukuzizira kolowa m'mafupa. Munatumiza ndalama ya bokosi, maliro munawaonera pa foni kudzera pa WhatsApp, netiweki n'kumadukaduka pamene adzukulu ankatsitsa thupi, m'mawa mwake n'kupita kuntchito ngati palibe chachitika. Simunagone pasiwa, simunaponye dothi. Chisoni chotero chimakhala ngati chakudya chokakamira pakhosi. Mipingo ina ya kumeneko imachita mapemphero apadera a anthu oferedwa chapafupi ndi 21 Disembala, usiku wautali kuposa wina uliwonse m'chaka kumayiko a kumpoto. Ngati alipo pafupi nanu, pitani, ngakhale nyimbo zake zikhale zachilendo. Ndi inunso a ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe amene namondwe wa Freddy anakulandani abale mu Malichi 2023, ena osapezeka n'komwe matupi awo, opanda manda oti mukalambule: Rakele ankalira ana amene sanawaike yekha, ndipo Mulungu amene anamumva amadziwa pamene aliyense wagona.

Sabata ino musadzikakamize kuseka. Ngati kwaya ikayamba nyimbo imene malemu ankaikonda mmero wanu n'kutseka, khalani chete, ena akuimbirani. Ngati simungathe kufika kuphwando, nenani mwaulemu kuti chaka chino sindikwanitsa. Koma musadzitsekere m'nyumba masiku onse. Luka akutiuza za Anna, amene anakhala ndi mwamuna wake zaka 7 zokha, kenako umasiye mpaka ukalamba, Luka akutchula zaka 84. Chisoni chake anapita nacho ku Kachisi, usana ndi usiku, ndipo kumeneko ndi kumene khanda Yesu linamupeza. Paulo sanauze Atesalonika kuti asalire. Anati asalire ngati anthu opanda chiyembekezo.

Kwa inu amene chaka chino nyumba yanu ili yodzaza, pali mayi wamasiye pafupi nanu amene anthu anasiya kumuyendera mwambo wa maliro utangotha. Amayi a Mvano, a Dorika, a m'miphakati, mumatithandiza kwambiri tsiku loika, Mulungu akudalitseni. Koma chisoni chenicheni chimayamba anthu akabalalika ndi mapoto obwereka akabwezedwa. Mupatulireni ntchafu ya nkhuku ija, mupite nayo nokha, musatume mwana. Mukafika musalalikire. Mutchuleni malemuyo dzina, munene chimene mumamukumbukira nacho. Ambiri timaopa kuti tikatchula dzina timukumbutsa chisoni, ngati kuti anaiwala. Ine tsiku lija chinanditonthoza si mawu a mlendo uja. Anali achemwali anga amene anabwera kuseri kwa nyumba, manja ali ndi phulusa, nakhala pambali panga nati, "Inenso ndawakumbuka poika makalawo." Tinalira tonse awiri, kenako tinakadya mpungawo, utapserera pang'ono pansi.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, Inu amene munamva Rakele ku Rama, imvani ana anu m'mawa uno. Muwaone amene akudzuka pabedi limene mbali ina yazizira, amene apinda zovala za mwana amene sadzazivalanso, amene akuopa usiku wa pa 31 Disembala chifukwa akulowa chaka chimene wokondedwa wawo sadzachiona. Davide anakupemphani kuti musunge misozi yake m'nsupa yanu, sunganinso yathu. Amene alibe mphamvu zopemphera, Mzimu wanu awapempherere. Mutitume ife kumakomo kumene anthu anasiya kupitako. Ndipo mutigwire dzanja kufikira tsiku limene mudzaitana athu onse kuchokera ku dziko la mdani. M'dzina la Yesu Khristu, Emanueli. Amen.