Thukuta si mafuta: kuwotcha makalori pang'onopang'ono kuno ku Chigwa cha Shire

[Chithunzi: m'mawa pa Nchalo, anyamata a njinga zamoto akudikira makasitomala pa siteji]

Takulandirani nonse amene mukutionera. Kuno ku Chigwa, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, munthu amatuluka thukuta atangokhala pamthunzi. Ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Ambiri amasokonezekera pomwepa. Malaya anyowa, akwera pa sikelo madzulo, apeza kuti atsika ndi kilogalamu imodzi, basi ayesa mafuta asungunuka. Chatsikacho ndi madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mukangomwa makapu anayi, kilogalamu ija yabwerera pamalo pake. Mafuta a m'thupi amatha pokhapokha thupi likagwiritsa ntchito mphamvu yochuluka kuposa imene mwailowetsa kudzera pakamwa.

Tinene kaye amene tikulankhula nawo. Ngati mumalawirira ku dimba ndi khasu, kapena mumadula nzimbe, kapena mumapalasa kabaza wa njinga yakapalasa tsiku lonse, thupi lanu likuwotcha kale zokwanira, ndipo chimene likufuna ndi chakudya ndi madzi. Chimodzimodzi amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana, ndi aliyense amene akuonda osadziwa chifukwa: amenewa asayese n'komwe kuchepetsa thupi, ndipo woonda mosadziwika bwinoyo apite kuchipatala. Nkhaniyi ndi ya inu amene ntchito inakukhazikani pansi: mwini okala, wogulitsa mayunitsi ndi kutumiza ndalama pa foni, telala, kalaliki wa mu ofesi, dalaivala, ndi inu amene munasiya yakapalasa n'kugula yamoto, ndiye lamba wa thalauza wayamba kuthina.

[Pa sikirini: munthu wa makilogalamu 70, ola limodzi]

Kalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, ngati mmene lita ilili muyeso wa petulo. Gawo lalikulu la makalori a tsiku, pafupifupi magawo 6 kapena 7 mwa 10, limapita ku ntchito zimene simuziona: kugunda kwa mtima, kupuma, ubongo, chiwindi. Gawo lina laling'ono limapita pogaya chakudya. Chotsalacho ndi kusuntha kwa thupi, ndipo ndi chokhacho chimene mungachisinthe lero lomwe.

Titenge munthu wolemera makilogalamu 70. Akakhala pa benchi ola lathunthu, amawotcha makalori pafupifupi 90. Akaimirira chilili osasuntha, amangowonjezera 10 kapena kuposera pang'ono. Choncho kuimirira pakokha kulibe phindu lalikulu. Koma akayenda mwandawala, kilomita imodzi pa mphindi 12, ola lomwelo amawotcha pafupifupi 240. Kupalasa njinga mosathamanga, pafupifupi 280. Kulima ndi khasu kumapitirira 300. Kusesa pabwalo ndi kuchapa zovala ndi manja kumayandikira kuyenda. Wolemera kwambiri amawotcha zochuluka kuposa izi, wopepuka zochepa.

Onetsetsani apa, chifukwa ndi pamene anthu amadzinamiza. Phindu la kuyenda ndi kusiyana kwa 240 ndi 90, ndiye kuti 150 pa ola. Mukayenda theka la ola, mwapindula pafupifupi 75. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Mukamawonjezera 100 tsiku lililonse, chakudya osasintha, kilogalamu imodziyo idzatenga masiku 77, miyezi iwiri ndi theka. Amene akulonjezani makilogalamu asanu pa sabata ndi tiyi wochepetsa thupi, dziwani kuti tiyi wotere nthawi zambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, ndipo kuno kotentha zimenezo n'zoopsa.

Nanga tingavutikirenji ndi zazing'ono chonchi? Mu 2005, dokotala wina wa ku Mayo Clinic ku America, James Levine, anaveka anthu 20 zipangizo zoyeza kusuntha kwa thupi kwa masiku 10. Khumi anali ochepa thupi, khumi onenepa, ndipo onsewo sankachita masewera olimbitsa thupi. Anapeza kuti onenepawo ankakhala pansi maola oposa awiri pa tsiku kuposa anzawo, kusiyana kokwana makalori pafupifupi 350 tsiku lililonse. Kusiyanako kunachokera pa kunyamuka, kuyendayenda, ndi kugwiragwira tintchito, zinthu zimene munthu saziwerengera n'komwe.

[Chithunzi: msewu wa M1, thirakitala ikukoka ngolo ya nzimbe]

Malangizo ambiri a pa intaneti amati kwerani masitepe, kwerani phiri. Chigwa chathu ndi chathyathyathya, nyumba zosanja n'zowerengeka, ndipo si tonse tili pafupi ndi chitunda cha Thabwa. Chimene tili nacho ndi mtunda. Ulendo uliwonse wosapitirira kilomita imodzi, wopita ku msika, ku chigayo, ku tchalitchi kapena ku mzikiti, uyendeni wapansi ngati dzuwa silinakwere. Ulendo wautali, muuzeni wa kabaza akutsitseni kutatsala kilomita imodzi. Ngati yakapalasa ija ikadali kuseri kwa nyumba, ipopeni, muzipitira ku ntchito masiku awiri kapena atatu pa sabata. Kuyenda pa mchenga kumadya mphamvu zambiri kuposa pa msewu wouma, chifukwa phazi limatitimira. Njira yodutsa pa mchenga musamaizembe, koma yambani ndi mtunda waufupi, chifukwa akatumba a kumbuyo kwa mwendo amawawa masiku oyamba.

Liwiro loyenera mulidziwa ndi mpweya wanu. Muzitha kulankhula ndi mnzanu, koma kuimba nyimbo kuzikuvutani. Ngati mukuimba bwinobwino, onjezerani liwiro. Ngati mawu akudukaduka, chepetsani.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azisuntha thupi pa liwiro lotere mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Sizikufunika kuti zichitike nthawi imodzi. Mphindi 10 m'mawa, 10 chakumadzulo, 10 mutadya, kwa masiku asanu, zakwana 150. Pa zitatuzi, imene timailimbikitsa kwambiri ndi ya mutadya nsima ya madzulo. Nsima, kaya ya chimanga, ya mapira kapena ya mchewere, ikagayidwa imasanduka shuga wa m'magazi, ndipo shugayo amakwera kwambiri mkati mwa ola limodzi kapena awiri. Minofu ya m'miyendo ikamagwira ntchito nthawi imeneyo, imakoka shugayo kumuchotsa m'magazi. Ndiye m'malo moyala mphasa mukangosamba m'manja, zungulirani pabwalo mphindi 10 kapena 15. Kwa amene achipatala anawauza kuti shuga wawo wayamba kukwera, chizolowezi chimodzi ichi chili ndi phindu loposa makalori amene chimawotcha.

[Chithunzi: mayi mu okala, akunyamuka pa mpando]

Inu a pa okala ndi a mu ofesi, vuto lanu ndi maola atatu kapena anayi osanyamuka. Tcherani alamu pa foni mphindi 30 zilizonse. Ikalira, nyamukani, yendani mphindi ziwiri kapena zitatu, ngakhale pa khonde pomwepo. Foni ikaitana, yankhani mukuyenda. Chigubu cha madzi akumwa muchiike patali ndi mpando. Katundu akabwera, tsitsani nawo m'malo moitana mwana. Mukawerengetsa, mphindi zitatu kakhumi ndi kawiri pa tsiku ndi mphindi 36 za kuyenda, popanda kutseka okala.

Onjezeranipo ichi kawiri pa tsiku: khalani pa mpando wolimba wotsamira khoma, mapazi atatalikirana ngati mapewa, manja pachifuwa, imirirani, khalaninso pang'onopang'ono, kakhumi. Cholakwika chofala ndi kudzigwetsa pa mpando ndi kulola mawondo kugundana mkati, zimene zimapweteketsa bondo. Makalori ake ndi ochepa, koma kumasunga minofu ya m'ntchafu, imene imayamba kuchepa munthu akamakula, ndipo minofu ndiyo imadya shuga.

Za madzi a pa mjigo tinenepo mosamala. Kupopa mjigo ndi kunyamula madzi ndi ntchito yowotcha mphamvu ndithu, koma ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 pa khosi. Amayi amene amasenza kale maulendo angapo pa tsiku asawonjezere, chifukwa khosi ndi msana zimatha. Abambo amene mukufuna kuchepetsa mimba, ntchito ndi imeneyi. Tengani zigubu ziwiri za malita 10, china dzanja ili china dzanja ilo, msana wowongoka, ndipo ponyamula pindani mawondo. Chigubu chimodzi cha malita 20 mbali imodzi chimapotoza msana.

[Pa sikirini: nthawi ya tsiku]

Nthawi yoyendera kuno ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, isanakwane 8 koloko, kapena madzulo kupitirira 4 koloko. Masana musayese. Thupi likatentha mopitirira, zizindikiro zake ndi chizungulire, mutu, nseru, ndi kukokana kwa minofu. Zikatero, pitani pamthunzi, mwani madzi, dzithireni madzi m'mutu ndi m'khosi. Munthu akayamba kubwebweta kapena kukomoka, muziziritseni ndi madzi mukuthamangira naye kuchipatala, chifukwa kutentha kotere kumapha. Kuvala jekete kapena pulasitiki kuti mutuluke thukuta lambiri ndi njira yachidule yofikira pamenepo, ndipo sikuchotsa mafuta ngakhale pang'ono. Mkodzo ndiwo ukuuzeni ngati mukumwa madzi okwanira: uzikhala woyererako, osati wachikasu chodera.

M'mamawa ndi chisisira, pewani njira za m'mbali mwa Shire ndi m'madambo, chifukwa ndi nthawi ya mvuu ndi ng'ona. Pa M1 yendani kudzanja lamanja kuti muziona galimoto zikubwera, muvale zowala, makamaka nyengo yokolola nzimbe. Kukada, udzudzu umayamba, ndiye kuyenda kwa mutadya kukhale kwa pabwalo, mutavala zofika m'mapazi.

[Chithunzi: kapu ya tiyi, dzanja likuthira shuga]

Tsopano chimene chimafafaniza ntchito yonseyi. Sipuni yaing'ono ya shuga yosasefukira ndi magalamu 4, makalori 16. Yodzaza mpaka pamwamba, monga timathirira ambirife, ndi pafupifupi kawiri. Masipuni atatu otere mu kapu imodzi ndi makalori pafupifupi 100, ofanana ndi phindu la kuyenda mphindi 40. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga woposa magalamu 30, masipuni ang'onoang'ono asanu ndi atatu. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi makalori pafupifupi 120, ndiye ganizirani mafuta amene amalowa mu chipisi ndi mandasi. WHO imati shuga wothira asapitirire pafupifupi magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kuchepera apo n'kwabwino koposa. Ife timakhala pakati pa minda ya nzimbe, ndipo kutentha kumachititsa kuti chakumwa chozizira cha mu firiji chizikoma kwambiri. Musasiye lero ndi lero. Chotsani theka la sipuni sabata iliyonse, lilime limazolowera. Ludzu la pambuyo poyenda lithetseni ndi madzi. Thobwa wothira shuga wambiri muziwerengera ngati chakudya.

Palinso china chimene thupi limachita mwakachetechete. Mukayamba kuyenda kwambiri, njala imakula, ndipo madzulo mumafuna kungogona, motero zina mwa zimene munawotcha zimabwezeredwa. Mu 2012, Herman Pontzer ndi anzake anayeza anthu a mtundu wa Hadza ku Tanzania, amene amayenda mitunda italiitali posaka ndi kufuna zakudya za m'tchire. Anapeza kuti makalori amene amawotcha pa tsiku, poyerekeza ndi kukula kwa thupi, sasiyana kwenikweni ndi a anthu a ku America ndi ku Ulaya. Thupi limachepetsa kwina likaona kuti mukuwononga kwina. N'chifukwa chake sikelo imatsika mochedwa kuposa masamu aja, ndipo kuyenda kuyenera kuyendera limodzi ndi kuchepetsa shuga ndi mafuta. Kuthamanga kwa magazi, shuga wa m'magazi ndi tulo zimasintha ngakhale sikelo isanasunthe.

Amene mukumwa mankhwala, mverani apa. Ngati mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, omwe ndi mankhwala a matenda a shuga, kuyenda mtunda muli ndi njala kungatsitse shuga mopitirira: kunjenjemera, thukuta lozizira, maso kuchita chidima. Yendani mutadya, ndipo m'thumba muzikhala switi kapena shuga pang'ono. Odwala shuga nonse, musayende opanda nsapato pa mchenga wotentha, ndipo madzulo aliwonse yang'anani mapazi ngati pali chilonda kapena thuza, chifukwa phazi lochita dzanzi silimva kupsa. Ena amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir amaona thupi likuwonjezeka. Musasiye mankhwala, kafotokozeni ku kiliniki yanu. Ndipo aliyense amene akumva kupweteka kapena kuthina pachifuwa poyenda, kapena kubanika kosagwirizana ndi mtunda, aime pomwepo, akayezetse ku chipatala cha Chikwawa, cha Nsanje, kapena chilichonse chapafupi asanapitirize.

[Chithunzi: chingwe chikupindidwa pakati]

Poti sikelo kuno imasocheretsa ndi nkhani ya madzi ija, yezani ndi chingwe. Dulani chingwe chotalika ngati inuyo, kuyambira kuphazi mpaka pamutu. Chipindeni pakati, muchizunguze m'mimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, chapafupi ndi mchombo, mutatulutsa mpweya koma osakoka mimba. Nsonga zikakumana, mimba yanu ili m'malire. Zikapanda kukumana, yezani mpata wotsalawo ndi zala, muulembe. Bwerezani kamodzi pa mwezi, m'mawa musanadye, ndi chingwe chomwecho.