Njerwa 3 miliyoni za ku Dushanbe

[Pa sikirini: khoma la njerwa, kamera ili pafupi kwambiri, dzuwa likuwomba cham'mbali]

Tayang'anitsitsani khoma ili. Palibe pulasitala, palibe penti. Njerwa zina zagona, zina zaimirira, zina zatulukako pang'ono, ndipo mithunzi yake ikupanga maluko ngati a dengu. Khomali lili mumzinda wa Dushanbe, likulu la Tajikistan, ndipo nyumba yake ndi Ismaili Centre. Takulandirani. Lero tikufuna tione chifukwa chake anthu omwe akanatha kumanga ndi magalasi ndi zitsulo anasankha njerwa zootcha pafupifupi 3 miliyoni.

Tiyambe ndi eni nyumba. A Ismaili ndi Asilamu a mbali ya Shia, ndipo mtsogoleri wawo wauzimu, Imamu, amadziwika ndi dzina laulemu loti Aga Khan. Amene anamangitsa nyumbayi ndi Aga Khan IV, yemwe anamwalira ku Lisbon mu February 2025 ndipo m'malo mwake munalowa mwana wake, Rahim. A Ismaili nyumba yawo yopemphereramo amaitcha jamatkhana. Koma Ismaili Centre imaposa pamenepo: mumakhala jamatkhana, komanso makalasi, maofesi ndi holo yamisonkhano momwe alendo azipembedzo zina amalowa. Ismaili Centre yoyamba inatsegulidwa ku London mu 1985, kenako ku Burnaby m'dziko la Canada chaka chomwecho, ku Lisbon mu 1998, ku Dubai mu 2008. Ya Dushanbe inali yachisanu.

[Mapu a Tajikistan, mapiri a Pamir kum'mawa]

Ku Tajikistan, a Ismaili ndi ochepa. Anthu ambiri m'dzikolo ndi a Sunni. A Ismaili ambiri amakhala kum'mawa, m'mapiri a Pamir, chigawo cha Gorno-Badakhshan chomwe likulu lake ndi Khorog. Nthawi yonse ya ulamuliro wa Soviet Union, mpaka 1991, ankapemphera m'makomo mwawo mwakachetechete. Ufulu utangobwera, kunabuka nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1992 mpaka 1997, ndipo kumapiriko kunagwa njala yadzaoneni. Aga Khan anafika m'dzikolo koyamba mu 1995.

Ndiye taganizani. Anthu omwe akhala zaka makumi ambiri osaonekera akupatsidwa malo pamsewu waukulu wa likulu la dziko. Amange chiyani pamenepo? Akakopera mzikiti wa ku Cairo kapena Istanbul, aoneka ngati obwera. Akamanga bokosi la magalasi, lingafanane ndi banki. Funsoli linagwera Farouk Noormohamed, katswiri wojambula mapulani a nyumba wochokera ku Vancouver, m'dziko la Canada. Mwala wa maziko unaikidwa mu 2003.

[Chithunzi cha manda a mafumu achi Samanid ku Bukhara]

Yankho lake analipeza apa. Kanyumba aka kali ku Bukhara, m'dziko loyandikana nalo la Uzbekistan, ndipo ndi manda a banja lachifumu la Samanid, omangidwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 900. N'kakang'ono ndithu: mbali iliyonse ndi mamita pafupifupi 10, pamwamba pali denga lozungulira ngati mphika wovundikira. Koma onani makoma. Amisiri ake analibe chokongoletsera china koma njerwa yomweyo. Anaiika mopingasa, moimika, mopendeketsa, kwina anaizungulitsa ngati timawilo, mpaka khoma linaoneka ngati lolukidwa ndi manja. Dzuwa likamayenda, mithunzi imasuntha, khoma la m'mawa silifanana ndi la madzulo. Mmisiri aliyense womanga nyumba akudziwa kuti pulasitala amabisa zolakwika. Apa palibe pobisala, njerwa imodzi ikapotoka aliyense aiona.

Chifukwa chosankhira manda amenewa si kukongola kokha. Kwa anthu a ku Tajikistan, mafumu achi Samanid ndiwo makolo a fuko lawo. Ndalama ya dzikolo imatchedwa somoni, kuchokera pa dzina la mfumu Ismoili Somoni. Msewu womwe Ismaili Centre yaimapo nawonso ndi Ismoili Somoni. Chenjerani apa: dzina la mfumuyi likumveka ngati la a Ismaili, koma angofanana mayina, banja lachifumulo linali la Sunni. Choncho kagulu kochepa ka Shia kanatenga chizindikiro chomwe mzika iliyonse ya dzikolo imati ndi chake, n'kumangira nyumba yawo yopemphereramo. Munthu wodutsa pamsewupo, kaya ndi wa Sunni kaya sapemphera n'komwe, amazindikira njerwazo asanafunse kuti mwini nyumba ndani. Ine ndimaona kuti nzeru yaikulu ya pulani yonse yagona pamenepa.

[Kubwerera ku Dushanbe, kamera ikuyenda m'mbali mwa nyumba n'kulowa pabwalo lamkati]

Tsono Noormohamed sanatenge manda aja n'kuwakulitsa. Manda ndi chipinda chimodzi, pamene kuno kumafunika malo opemphera, ophunzirira, ochezera ndi ogwiriramo ntchito. Anatenga kaikidwe ka njerwa. Kayalidwe ka nyumba yonse anakatenga ku mabwalo akuluakulu amkati a ku Samarkand, Bukhara ndi Khiva, mizinda ya ku Uzbekistan, komwe zipinda zimazungulira bwalo, ndipo munthu akachoka mumsewu wa phokoso amadutsa kaye pamthunzi ndi pamadzi asanafike mkati. Pakati pa njerwa zofiirira mochita kuyererako anadonthezamo matailosi abuluu ndi obiriwirako, mtundu womwe umadziwika pa nyumba zakale za ku Samarkand. Sanawachulutse. Amangooneka apa ndi apo ngati mikanda pansalu.

Pali vuto limodzi lomwe amisiri akale aja sakanamuthandiza kulithetsa mokwanira. Dushanbe ili m'dera la zivomerezi, ndipo khoma lalitali la njerwa ndi chimodzi mwa zinthu zoyamba kugwa nthaka ikagwedezeka. Choncho mainjiniya anakonza denga loti lizitha kupindika pang'ono ndi kugawa mphamvu ya chivomerezi m'malo mothyoka. Kutenthetsa ndi kuziziritsa zipinda kumachitika ndi makina amakono ogwiritsa ntchito madzi, poti kumeneko chilimwe chimawotcha kwambiri ndipo nyengo yozizira kumagwa sinowo. Zonsezi sizioneka pa chithunzi.

Nyumbayi inatsegulidwa pa 12 October 2009 ndi Pulezidenti wa Tajikistan, Emomali Rahmon, pamodzi ndi Aga Khan IV.

Mwina wina afunsa kuti, nanga cholowa cha a Ismaili eniake, anthu akumapiri aja, chili kuti m'nkhaniyi? Funsolo n'lomveka, chifukwa Bukhara ndi Samarkand ndi mizinda yakuchidikha, kutali ndi Pamir.

[Mkati mwa nyumba ya chikhalidwe cha ku Pamir, kamera ikuyang'ana kudenga]

Iyi ndi nyumba ya anthu a ku Pamir, yomwe amaitcha chid. Kunja ndi miyala ndi dothi, denga lafulati, simungaiyang'ane kawiri. Mkati muli mizati 5 yamatabwa, ndipo uliwonse uli ndi dzina: Mtumiki Muhammad, Ali, Fatima, Hasan ndi Husayn. Yang'anani kumwamba. Mitanda yaikidwa m'mabokosi anayi osanjikizana, lililonse lotembenuzidwa ndi locheperako kuposa la pansi pake, mpaka pamwamba penipeni patsala kazenera kolowetsa kuwala ndi kotulutsa utsi. Denga limeneli ndi chorkhona, kutanthauza nyumba zinayi, ndipo mabokosiwo amaimira nthaka, madzi, mpweya ndi moto. M'zaka zija zopanda jamatkhana, banja linkapemphera m'chipinda chomwechi, momwe linkadyera ndi kugona.

Mu 2018 ku Khorog kunatsegulidwa jamatkhana yatsopano, yojambulidwa ndi Noormohamed yemweyo. Kumeneko sanabwerezenso Bukhara. Anamanga ndi miyala ndi matabwa, zida za kumapiriko, n'kutenga maonekedwe a chid ndi chorkhona yake. Mu vidiyo yotsatira tilowa m'nyumba imeneyo, tikaone momwe denga la chipinda cha banja limodzi anachita kulikulitsa kuti lifunde anthu mazanamazana.