Intaneti Siyenda M'mwamba, Imadutsa Pansi pa Nyanja

Moni nonse! Musachoke, chifukwa lero ndikufuna kuthana ndi bodza lina limene landitopetsa, loti intaneti imayenda m'mwamba pa setilaiti. Koma tiyambe ndi zosavutazi, mwachangu.

Choyamba: netiweki ndi makompyuta kapena mafoni olumikizana kuti azitumizirana zinthu. Basi.

Chachiwiri: chipangizo chilichonse pa netiweki chimakhala ndi nambala yake, IP address. Inu mumangolemba dzina la webusaiti, DNS, imene ili ngati buku la manambala a pa intaneti, ndiyo imakufunirani nambalayo.

Chachitatu: chithunzi chimene mwatumiza sichipita chathunthu. Chimadulidwa tizidutswa, ma packet, ndipo ma router, zipangizo zolondolera uthenga njira, amapatsirana tizidutswato mpaka tikafike n'kulumikizidwanso. Malamulo ake ndi TCP/IP, amene ARPANET, netiweki ya ku America imene inali kholo la intaneti, inayamba kuyendera pa 1 Januwale 1983.

Ngati mwafika pano, dinani subscribe, salipiritsa.

Chachinayi, khalani bwino tsopano. Anthu amati intaneti imadutsa m'mlengalenga, pa setilaiti. Ayi ndithu! Foni yanu ilibe chingwe, n'zoona, koma mafunde ake amathera pa nsanja ya netiweki kapena pa router. Kuchoka pamenepo, mbali yaikulu ya ulendo ndi zingwe. Zoposa 95 pa 100 zilizonse za uthenga wodutsa pakati pa makontinenti zimayenda m'zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja. Mkati mwake muli timaulusi tagalasi, toonda ngati tsitsi, ndipo kuwala kumathamangamo makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Chingwe choyamba chotere kuwoloka nyanja ya Atlantic, TAT-8, chinayamba kugwira ntchito mu 1988.

Nanga setilaiti? Zija zimaoneka ngati zaima malo amodzi zili pa mtunda wa makilomita 35,786. Funso lanu likwere, litsike, yankho likwere, litsike: theka la sekondi latha. Wina alemba m'ma comment kuti nanga Starlink, intaneti ya pa setilaiti ija? Lembani, ndikuyankhani. Setilaiti zake zimauluka pafupi, makilomita mazana angapo chabe, komabe uthengawo umatsikira pa siteshoni yapansi n'kulowa m'chingwe chomwecho.

Mukukayikabe? Mu Januwale 2022 phiri la pansi pa nyanja linaphulika ku Tonga, dziko la zilumba m'nyanja ya Pacific, n'kudula chingwe chimodzi chokha chimene chinkalumikiza dzikolo ndi kunja. Setilaiti zinali m'mwamba momwemo, koma anthu anavutika milungu pafupifupi isanu, mpaka sitima yokonza zingwe itamaliza ntchito.

Vidiyoyi itumizireni mnzanu uja amaloza kumwamba intaneti ikavuta. Sabata yamawa titsegula router tione zamkati.